Pamene malamulo a ku Petauke ankapangidwira ku Salisbury

Ambirife amene tikukhala ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Migodi koma kwathu ndi ku Kaumbwe, njira timaidziwa pamtima. Basi imanyamuka pa Intercity kusanache, imatsetsereka m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa, imaima pa Nyimba kuti anthu agule nthochi, ndipo masana timakhala tili pa Petauke kufunafuna galimoto yolowa kumudzi. Tikafika, nkhani za pabwalo madzulo n'zomwe zija: feteleza wa FISP wachedwa, mtengo wa chimanga ku FRA ndi wochepa, msewu wakumbika, ndipo pali munthu wa kutauni amene akufuna kutengera pepala malo amene banja lakhala likulima kuyambira kalekale.

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi lamulo lake, ndipo lamulolo silinapangidwire ku Petauke. Ndiye funso limabwera lokha: kodi mtsogoleri wa kudera, kaya ndi mfumu, phungu kapena nduna ya chigawo, ali ndi mphamvu yanji pa lamulo lopangidwira ku likulu? Anzathu ena amati Zambia ikanakhala ya federo, chigawo chilichonse n'kumayendetsa zake, bwenzi zinthu zili bwino. Timaiwala kuti agogo athu anakhalamo kale m'dziko lotero kwa zaka khumi, kuyambira 1953 mpaka 1963. Iwo ankalitcha Chitaganya. Tisanakangane za mawa, tiyeni tione mmene zinayendera nthawi imeneyo.

Mipando iwiri

M'dziko la chitaganya munthu amakhala pansi pa maboma awiri nthawi imodzi. Pali boma la chigawo chake, palinso boma lalikulu la dziko lonse, ndipo malamulo oyendetsera dziko amagawa ntchito kuti izi ndi za chigawo, izi ndi za likulu. Nkhani yaikulu imagona pa khomo limene zigawo zimalowera pamene likulu likupanga malamulo. Ku Germany maboma a zigawo 16 amatumiza nduna zawo ku nyumba yotchedwa Bundesrat, ndipo malamulo ambiri okhudza ndalama ndi ntchito za zigawo sangadutse nyumbayo ikakana. Ku Nigeria, kuti asinthe malamulo oyendetsera dziko pamafunika kuti nyumba za malamulo za zigawo 24 mwa 36 zivomere. Ku South Africa kuli National Council of Provinces, kumene chigawo chilichonse chili ndi nthumwi khumi. M'maiko otere mtsogoleri wa chigawo akakwiya, likulu limamufunafuna msanga, chifukwa ali ndi voti imene ingaimitse lamulo.

Tisunge mfundo imeneyi. Pali mpando umene munthu amakhalapo kuti apereke maganizo, ndiye pali mpando umene munthu akakana chinthu chimaimadi. Atsogoleri athu a nthawi ya Chitaganya anapatsidwa mpando woyamba uja, ndipo zinawatengera zaka khumi kuti afike pa wachiwiri.

Makwerero ochokera kumudzi

Chitaganya chisanabwere, Northern Rhodesia inali pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo bwanamkubwa ankakhala ku Lusaka. Kuyambira cha m'ma 1930 boma linapatsa mafumu udindo woweruza milandu ndi kuyang'anira midzi, m'dongosolo lotchedwa Native Authority. Kwathu kwa Ansenga anali a Kalindawalo monga mfumu yaikulu, pamodzi ndi mafumu ena monga a Mumbi, a Mwanjawanthu, a Nyamphande, a Sandwe, a Nyanje, ndi a Ndake cha ku Nyimba. Onsewa ankagwira ntchito pansi pa bwana DC wa pa boma. Pamwamba pawo panali khonsolo ya chigawo imene inkakumana ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Pamwamba pa makhonsolo a zigawo panali African Representative Council, imene inayamba mu 1946, ndipo kuyambira 1948 khonsolo imeneyi inkasankha anthu akuda awiri okalowa m'nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia.

Tikawaona pa pepala, makwerero amenewa akuoneka abwino. Dandaulo la nyakwawa limatha kukwera mpaka ku Lusaka. Koma pa sitepe iliyonse mawu a anthu akuda anali uphungu chabe, ndipo bwanamkubwa ankatha kumva n'kungoika m'failo.

Amene ankafuna Chitaganya anali azungu a kuno, motsogozedwa ndi Godfrey Huggins, nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, ndi Roy Welensky, yemwe kale ankayendetsa sitima ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Poyamba ankafuna kuti ma Rhodesia awiriwo angosanduka dziko limodzi. Britain itakana, anagwirizana za chitaganya chophatikizapo Nyasaland. Southern Rhodesia inali ndi azungu ambiri ndi mafakitale, Northern Rhodesia inali ndi mkuwa, Nyasaland inali ndi anthu ogwira ntchito. Anthu akuda anawalonjeza mgwirizano wa mitundu, koma Huggins yemweyo amakumbukika poyerekezera mgwirizanowo ndi wa munthu wokwera ndi hatchi yake. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a ku Petauke sanafunikire nyuzipepala kuti adziwe zimenezi. Amuna ambiri a m'midzi yathu anali atapitako ku Walale, kukagwira ntchito m'mapulazi a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury kuti apeze ndalama ya msonkho. Anali ataona chitupa chikufunsidwa pa ngodya iliyonse. Anali ataona zimene lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linachita, kupereka pafupifupi theka la dziko kwa azungu ochepa. Kwathu komwe chilonda cha malo chinali chisanapole. Kampani ya North Charterland Exploration inali itagwira dera lalikulu la Kummawa kwa zaka zambiri, anthu atapanikizidwa m'malo ochepa otchedwa marizevu, mpaka boma linagula malowo mu 1941. Munthu amene waona zonsezi ukamuuza kuti likulu lake latsopano likhala Salisbury, yankho lake umalidziwa usanafunse.

Mafumu atatu, njira zitatu

Kuyambira 1951 mpaka 1953 pafupifupi sitepe iliyonse ya makwerero aja inakana. African Representative Council inakana. Chipani cha African National Congress cha a Harry Nkumbula chinakana. Nthumwi za anthu akuda za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland zinanyanyala msonkhano wa ku London wa 1952, ndipo pa msonkhano womaliza wa January 1953 panalibe munthu wakuda. Mu March 1953 a Nkumbula anatentha poyera ku Lusaka chikalata cha boma chofotokoza za Chitaganya. Ku Southern Rhodesia kokha ndi kumene kunachitika referendamu, pa 9 April 1953, ndipo ovota pafupifupi onse anali azungu. Munthu wa ku Petauke sanafunsidwe.

Mafumu anayesa njira zosiyana, ndipo zotsatira zake n'zophunzitsa. Njira yoyamba inali yodandaula mwaulemu. Mafumu oposa 100 a ku Northern Rhodesia anasaina chikalata chopita kwa Mfumukazi Elizabeth, kumukumbutsa kuti makolo awo analowa pansi pa chitetezo cha Britain, osati pansi pa azungu a ku Salisbury. Mafumu a ku Nyasaland anapita okha ku London, koma sanaloledwe kuonana ndi Mfumukazi.

Njira yachiwiri inali yokana kumvera. Inkosi Gomani ya Angoni a ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asiye kutsatira malamulo ena a boma, monga a ulimi. Boma linaichotsa pampando mu 1953. Inathawira ku Angonia m'dziko la Apwitikizi, anaibweza, ndipo inamwalira chaka chotsatira. Phunziro linafika kwa mafumu onse: amene amakulipira ndi kukuvomereza pampando akhozanso kukuchotsa.

Njira yachitatu inali ya malonda. Litunga Mwanawina wa ku Barotseland anali ndi chinthu chimene mafumu a Kummawa analibe, mapangano olembedwa a nthawi ya Lewanika. Britain inkafuna kuonetsa kuti pali mfumu yaikulu imene sikukana Chitaganya, choncho Litunga anaika mtengo wake. Analola kusatsutsa, ndipo mu 1953 dziko lake linalengezedwa kuti ndi Barotseland Protectorate. Pa mafumu onse, amene anatulukapo ndi kanthu m'manja ndi amene anali ndi pepala komanso chinthu chimene likulu linkachifuna.

Komabe tisanene kuti kukana kwa enawo kunapita pachabe. Chifukwa cha phokoso limenelo, Britain sinayerekeze kupereka zinthu zina ku Salisbury. Malo a anthu akuda, ufumu, sukulu za ana akuda, ulimi wa m'midzi ndi apolisi zinatsala m'manja mwa boma la ku Lusaka. Ndipo m'mawu otsegulira malamulo a Chitaganya munalembedwa kuti Northern Rhodesia ndi Nyasaland zipitiriza kukhala ndi maboma awoawo pansi pa chitetezo cha Britain malinga ngati anthu ake akufuna choncho. Panthawiyo mawuwa ankaoneka ngati ongotonthoza. Tiwapezanso kutsogoloku.

Munthu mmodzi, mabwana awiri

Chitaganya chitayamba mu 1953, moyo wa munthu wa ku Petauke unagawika pawiri. Akapita ku positi kukatumiza kalata kwa m'bale wake ku Wankie, sitampa inali ya boma la Salisbury. Akadwala n'kupita ku chipatala cha boma, chinali cha Salisbury. Asilikali, kasitomu, njanji ndi ndalama ya m'thumba, zonse za Salisbury. Koma mwana wake akapita ku sukulu ya kumudzi, wapolisi akabwera kudzamanga munthu, mlangizi akabwera kudzayeza mizere m'munda, amenewo anali a boma la ku Lusaka.

Nyumba ya malamulo ya Chitaganya inali ndi aphungu 35. Southern Rhodesia inali ndi 17, Northern Rhodesia 11, Nyasaland 7. Mwa onsewa anthu akuda anali 6, awiri kuchokera m'dziko lililonse, ndipo panali azungu atatu oikidwa kuti aziyankhulira anthu akuda. A ku Northern Rhodesia anali a Dauti Yamba ndi a Mateyo Kakumbi, osankhidwa ndi African Representative Council. A ku Nyasaland anali a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano. Awiri a ku Southern Rhodesia ankasankhidwa ndi ovota wamba, amene ambiri anali azungu. Choncho mipando imene anthu akuda ankasankhadi okha inali inayi basi. Nyumba yachiwiri yoimira zigawo, ngati ya ku Germany ija, kunalibe.

M'malo mwake anakhazikitsa komiti yotchedwa African Affairs Board. Ntchito yake inali kuunika bilu iliyonse, ndipo ikaona kuti biluyo ikusala anthu akuda, inkatha kulamula kuti itumizidwe ku London isanakhale lamulo. M'mapulani oyambirira a 1951 komitiyi inayenera kukhala kunja kwa nyumba ya malamulo, ndiponso panayenera kukhala nduna yapadera yoyang'anira zofuna za anthu akuda. Pofika 1953 nduna ija anali ataichotsa, ndipo komitiyo inali itasanduka kagulu ka aphungu asanu ndi mmodzi a m'nyumba yomweyo. Ngakhale zinali choncho, Britain inkauza mafumu kuti chishango chawo ndi chimenechi.

Chishango chiyesedwa

Chiyeso choyamba sichinadutse n'komwe m'komitiyo, ndipo chinagwera azungu a ku Northern Rhodesia. Boma la ku Lusaka linali litakonzeka kale kumanga damu la magetsi pa mtsinje wa Kafue, pafupi ndi migodi. Koma magetsi anali m'gulu la zinthu zimene boma lalikulu linkatha kulamulira, ndipo mu 1955 Salisbury inasankha Kariba, nyumba yoyamba ya makina n'kuimanga ku tsidya la kummwera. Atsogoleri a ku Lusaka anakwiya, koma analibe voti yoimitsira. Amene analipira mtengo waukulu anali Atonga a m'chigwa cha Gwembe ndi a tsidya linalo, pafupifupi 57,000, amene anasamutsidwa kuti madzi adzaze. Mu September 1958 apolisi anawombera anthu a kwa mfumu Chipepo amene ankakana kusamuka, ndipo asanu ndi atatu anafa.

Ndalama nazo zinkayenda njira yomweyo. Msonkho wa makampani a mkuwa unkapita m'thumba limodzi, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a thumbalo ankatsala ku boma lalikulu. Likulu, maofesi, mafakitale atsopano ndi yunivesite zinamera ku Salisbury. Zambia inadzatsegula yunivesite yake mu 1966, italandira kale ufulu.

Chiyeso chachikulu chinafika mu 1957. Welensky, yemwe anali atakhala nduna yaikulu ya Chitaganya chaka cham'mbuyo, anabweretsa bilu yokulitsa nyumba ya malamulo kuchoka pa aphungu 35 kufika pa 59. Anthu akuda anawonjezeka kuchoka pa 6 kufika pa 12, ndipo boma linkadzitama nazo. Koma 8 mwa 12 amenewa anayenera kusankhidwa pa chisankho chimene azungu anali ndi mavoti ambiri. Mipando yosankhidwa ndi anthu akuda okha inatsala inayi yomwe ija. Anayi mwa 35 anasanduka anayi mwa 59.

African Affairs Board, pansi pa a John Moffat, mzungu wa ku Northern Rhodesia, inachita zimene inakhazikitsidwira. Inanena kuti biluyo ndi yatsankho ndipo inaitumiza ku London. Mu November 1957 nyumba ya malamulo ya Britain inakambirana, ndipo boma la kumeneko linavomereza biluyo. Mu 1958 komitiyo inakananso lamulo la zisankho lotsatira, ndipo London inavomerezanso. Abusa Andrew Doig, amene ankayankhulira anthu a ku Nyasaland m'nyumbayo, anatula pansi udindo wawo. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti komitiyo ikhoza kuchedwetsa lamulo miyezi ingapo, koma kuliimitsa ayi.

Mmene chinagwera

Chishango chitasweka, achinyamata a nthawiyo anasiya kuyang'ana ku Salisbury. Mu 1958 a Kenneth Kaunda, a Simon Kapwepwe ndi anzawo anachoka m'chipani cha a Nkumbula n'kuyambitsa Zambia African National Congress, ndipo chaka chomwecho a Kamuzu Banda anabwerera ku Nyasaland. Mu March 1959 boma la Nyasaland linalengeza nthawi ya chipwirikiti n'kutsekera a Banda ku Gwelo, ndipo ku Northern Rhodesia chipani cha a Kaunda chinaletsedwa. Munthu wakuda amene ankaoneka kuti akudya ndi a Chitaganya ankamutcha kapirikoni, ndipo dzinali linkamamatira moyo wonse. Komishoni ya Monckton, imene Britain inatumiza mu 1960, inapeza kuti anthu akuda a maiko awiri a kumpoto amadana nacho Chitaganya kwambiri, ndipo inati nkhani yoti dziko lituluke iyenera kuloledwa kukambidwa.

Tionetsetse kumene nkhondo inapita. A Banda ndi a Kaunda sanalimbane kuti awonjezere mipando m'nyumba ya ku Salisbury. Analimbana kuti atenge nyumba za malamulo za ku Zomba ndi ku Lusaka, zomwe zinali maboma a zigawo m'Chitaganyacho. Malawi Congress Party inapambana chisankho cha August 1961. Kuno, pambuyo pa zipolowe za Cha Cha Cha za 1961, Britain inasintha malamulo a chisankho, ndipo kumapeto kwa 1962 chipani cha Welensky chinapeza mipando 16, UNIP 14, ANC 7. A Nkumbula, amene mbali zonse ziwiri zinkawakopa, anasankha kugwirizana ndi a Kaunda, ndipo mu December 1962 Northern Rhodesia inakhala ndi boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda.

Apa ndi pomwe mawu otsegulira aja anagwira ntchito. Zofuna za anthu sizinalinso m'chikalata chodandaula chimene munthu angaike m'failo. Zinali m'chigamulo cha nyumba ya malamulo yosankhidwa, imene inali ndi apolisi, mafumu ndi migodi m'dera lake. Mu December 1962 nduna ya Britain R. A. Butler inalola Nyasaland kutuluka. Kumayambiriro kwa 1963 nyumba ya ku Lusaka inapempha zomwezo, ndipo mu March Britain inavomera kuti dziko lililonse likhoza kutuluka. Pakati pa chakacho anakumana ku Victoria Falls kugawana katundu ndi ngongole, ndipo pa 31 December 1963 Chitaganya chinatha. Zimene mafumu oposa 100 analephera ndi siginecha zawo, boma la chigawo linazichita m'miyezi yochepa.

Ufulu utabwera

Atsogoleri amene anagwetsa Chitaganya pogwiritsa ntchito boma la chigawo ankadziwa bwino kuopsa kwa chigawo champhamvu. Ankaonanso zimene zinachitika ku Katanga, tsidya la malire a ku Migodi, pamene Moise Tshombe anafuna kudzipatula ku Congo mu 1960. Choncho Zambia inabadwa pa 24 October 1964 ili dziko la boma limodzi ndi nyumba ya malamulo imodzi. Mu 1965 malamulo atsopano anathetsa ma Native Authority, ntchito zawo n'kupita ku makhonsolo, ndipo mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu inapita kwa Pulezidenti. Pangano la Barotseland, limene a Kaunda, Litunga Mwanawina ndi nduna ya Britain Duncan Sandys anasaina pa 18 May 1964, linathetsedwa mu 1969 posintha malamulo oyendetsera dziko, ndipo deralo linatchedwa Western Province. Pepala la Litunga linagwira ntchito pamene Britain inkamufuna. Nyumba ya malamulo ya ku Lusaka itafuna kulichotsa, panalibe khomo limene Alozi akanaimapo n'kukana. Mpaka lero nkhaniyi sinazizire.

Nanga lero?

Kaumbwe inakhala dera la phungu palokha mu 2016, pamene madera anawonjezedwa kuchoka pa 150 kufika pa 156. Ndi chinthu chabwino, chifukwa tili ndi munthu amene angaime m'Nyumba ya Malamulo n'kutchula mayina a midzi yathu. Koma phungu ndi voti imodzi, ndipo akasemphana ndi chipani chake mpaka kuchotsedwa, mpando wake umakhala pa chiswe. N'chifukwa chake pa bilu yaikulu aphungu amavota monga chipani, osati monga chigawo. Nduna ya chigawo cha Kummawa imasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo imaimira boma kwa ife kuposa mmene imaimira ife ku boma. Maganizo oti chigawo chilichonse chikhale ndi nyumba yakeyake ya malamulo analipo m'zolemba zoyambirira za malamulo atsopano, koma sanalowe m'malamulo amene anasainidwa mu January 2016.

Nyumba ya Mafumu ilipo. Malamulo a 2016 anaipatsa mafumu asanu kuchokera m'chigawo chilichonse, onse pamodzi 50. Ikhoza kukambirana bilu yokhudza miyambo imene Pulezidenti waitumizira, ndipo ikhoza kupereka maganizo. Amene wawerenga za African Affairs Board auzindikira mpando umenewu.

Koma mafumu ali ndi mpando wina umene uli ndi mano. Lamulo la malo la 1995 limati malo a makolo sangasandutsidwe a pepala la boma popanda chilolezo cha mfumu ya deralo ndi khonsolo. Pa munda umodzi wa ku Kaumbwe, siginecha ya mfumu ndi yolemera kuposa mawu onse a m'Nyumba ya Mafumu. Mphamvu imeneyi ndi imene inaonekera mu February 2018, pamene mafumu anatuluka mu msonkhano ku Lusaka pokana ndondomeko ya malo imene boma linakonza, poona kuti ikuwachepetsera ulamuliro pa malo a makolo. Palibe lamulo limene linkati boma liime. Linaima chifukwa ndondomeko ya malo singayende m'midzi mafumu atakana, ndiponso chipani chilichonse chimafuna mafumu chisankho chikayandikira. Ndondomeko ina inadzatuluka mu 2021. Mphamvu yomweyi ili ndi mbali yake yowawa: mfumu ikasaina molakwika, banja limataya munda, ndipo malo akalowa m'pepala la boma kubwerera kwake n'kovuta.

Ndalama za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, zabweretsa zosankha zina kufupi ndi mudzi. Kalasi, mjigo ndi fizi ya mwana wa ku sukulu yogonera komweko tsopano zimakambidwa m'makomiti a m'mawadi. Koma kuchuluka kwa ndalamazo kumagamulidwa mu bajeti ya ku Lusaka chaka ndi chaka, ndipo dzanja limene linakweza likhoza kutsitsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Sitikunena kuti federo ndi yoipa kapena kuti ndi mankhwala. Chitaganya cha agogo athu chinali ndi maboma a zigawo, chinali ndi mndandanda wa ntchito zogawidwa bwino, chinali ndi komiti yoteteza anthu akuda, koma munthu wa ku Petauke analibe voti ndipo atsogoleri ake analibe poimitsira lamulo. Choncho wandale akadzabwera ndi lonjezo la kupereka mphamvu ku zigawo, kaya alitcha federo kaya dzina lina, tili ndi mafunso atatu oti timufunse. Kodi bungwe limene mukutipatsali likakana bilu, biluyo imaima, kapena imangochedwa? Kodi ndalama zake zalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko, kapena zimadalira nduna ya zachuma ya chaka chimenecho? Nanga amene akhale pampandowo angachotsedwe ndi ndani, ife kapena likulu?

Mafunso omwewa tikhoza kuwafunsanso kwathu. Tikapita ku Tuwimba kapena ku maliro kumudzi, tisangojambula zithunzi n'kubwerera pa basi ya m'mawa. Tifunse anyakwawa ngati munda wa banja unalembedwa m'buku la mudzi, tifunse khansala kuti komiti ya wadi imakumana liti ndipo mumakhala ndani. Ndipo ngati agogo amene anapita ku Walale akadali moyo, tikhale nawo pansi atiuze okha za chitupa ndi za tsiku limene anamva kuti Chitaganya chatha. Otsala ndi ochepa, ndipo zambiri zimene akudziwa sizinalembedwe paliponse.